Ulendo wa ku Gulupu ndi mwana wa m'mimba mopweteka

Msewu wochokera pa boma la Thyolo kupita ku Limbe ndi umodzi mwa misewu imene munthu ungayendetsemo mlendo mosachita manyazi. Minda ya tiyi imayala zitunda zonse ngati wina wachita kuipesa, ndipo m'miyezi ya June ndi July chiperoni chimatsika mpaka pa phula, moti antchito a m'mindamo amangooneka ngati zithunzithunzi. Ukafika pa Bvumbwe upeza kabichi, karoti, tomato ndi mbatata ya kachewere zitaunjikidwa m'mbali mwa msewu. Ndauyenda kambirimbiri msewu umenewu, koma mahampu ake ndi tizigamba take ndinayamba kuziwerenga tsiku limene ndinanyamula mwana wodwala apendikisi.

Mwanayo ndi wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 9. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako, ndiye zikavuta foni yoyamba imalira kwa malume. Inandipeza ku Bangwe m'bandakucha wa Lachitatu. Ndinabwereka galimoto ya mnzanga wa kuntchito n'kuuyatsa wa ku Thyolo kusanayere bwino.

Nkhani yake inali yotere. Lolemba madzulo anayamba kudandaula kuti pamchombo pakumupweteka. Agogo ake anati ndi njoka za m'mimba, ndipo ndani akanawatsutsa? Ana a kumudzi njoka zimawavutadi. Anamugulira panado pa okala. Lachiwiri anakana phala, masana anakana nsima ngakhale ndiwo zinali mazira, zimene sanachitepo chibadwire. Kenako anasanza kawiri, thupi linatentha pang'ono, ndipo pofika usiku ululu uja unali utachoka pamchombo n'kukakhazikika mmunsi, kudzanja lamanja. Kuchipatala cha kufupi ndi kwawo anamuyeza malungo, sanawapeze. Adokotala a kumeneko anamugoneka chagada, anadinikiza mimba pang'onopang'ono n'kusiya mwadzidzidzi, mwana anakuwa. Anamuuza kuti adumphe ndi mwendo umodzi, anakana n'kuyamba kulira. Basi analemba m'buku lake la kuchipatala kuti apite ku Gulupu, ndipo anatichenjeza kuti asadye kapena kumwa kalikonse panjira.

Anagona kumpando wa kumbuyo, mutu pamiyendo pa mayi ake, mwendo wamanja ataupinda. Ndikangokwera hampu, ngakhale pa giya yoyamba, ndinkamva “mayo ine!” kumbuyoko.

“Achimwene, chonde pang'onopang'ono,” ankatero mchemwali wanga.

“Ndikachepetsanso apa ndiye kuti taima, achemwali.”

Zoti mahampu amaulula matendawa si nthabwala yanga. Mu 2012 madokotala ena a ku England analemba m'magazini ya zachipatala ya BMJ kuti odwala ambiri amene anawapeza ndi apendikisi ananena kuti ululu unkakula galimoto ikakwera hampu pobwera kuchipatala. Kafukufukuyo anadzalandira mphoto ya Ig Nobel mu 2015, mphoto imene amapereka kwa akatswiri ofufuza zinthu zoseketsa koma zoona. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: chinthu chotupa m'mimbamo chikagwedezeka chimakhudza khungu lopyapyala limene limakuta m'kati mwa mimba, ndipo khungu limeneli limamva kuwawa kwambiri. Koma matenda ena a m'mimba amachitanso chimodzimodzi, choncho hampu si dokotala.

Apendikisi weniweniyo ndi kathumbo kakang'ono, kotalika ngati chala, kolendewera pamene thumbo laling'ono limakumana ndi lalikulu, mmunsi mwa mimba chakumanja. Mbali imodzi n'kotsegula, mbali inayo n'kotseka ngati sokosi. Pakamwa pake pakatsekeka, kaya ndi kachimbudzi kouma ngati kamwala kaya ndi kutupa kwa minofu ya pamenepo, tizilombo timaswana m'katimo, kamatupa, kamadzaza mafinya, ndipo mukakalekerera kamaphulika. Apa ndi pamene matenda ochizika ndi opaleshoni yaing'ono amasanduka nkhani ya masabata m'chipatala, nthawi zina ya maliro. Pakadutsa tsiku limodzi ndi theka kapena awiri chiyambireni ululu, chiopsezo chophulika chimakwera. Ine ndikuyendetsa ndinkawerengera maola kuchokera Lolemba madzulo, ndipo yankho lake silinkandisangalatsa.

Tinadutsa Chigumula anthu akuyala malonda, tinalowa mu Limbe minibasi zitayamba kale kulimbirana okwera, kenako msewu wa Masauko Chipembere: Maselema, Chichiri, sitediyamu ya Kamuzu, mpaka pa Ginnery Corner. Pamenepo ndiye pali chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene achinyamata amati Kwinzi, akuluakulu amati Gulupu, dzina lochokera ku mawu achingerezi akuti Group Hospital. Chinatsegulidwa mu 1958. Amene sanalowemo amaganiza kuti ndi nyumba imodzi yaikulu. Ayi ndithu, ndi mudzi wathunthu wa nyumba zapansi zolumikizidwa ndi makonde ataliatali, ndipo m'makondemo mumayenda dziko lonse la kummwera: amayi a ku Nsanje ndi ndowa pamutu, abambo a ku Mangochi ndi zipewa zawo, ophunzira udokotala ovala zoyera akuthamanga, matrole, mafulasiki a phala, ana kumsana. Ukamva zilankhulo zake, Chisena, Chiyao, Chilhomwe, umadziwa kuti mavuto sasankha mtundu.

Kolandirira ana odwala mwadzidzidzi satsata kuti wafika woyamba ndani. Namwino amayang'ana mwana aliyense akangofika n'kusankha amene sangadikire. Njira imeneyi inakhazikika pano ndi khama la madokotala a ana monga Professor Elizabeth Molyneux, ndipo masiku ano ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Kwa kholo limene lakhala pa benchi kwa maola, kuona wina akulowa patsogolo kumawawa. Tsiku limenelo olowa patsogolowo tinali ife, ndipo sindinayang'ane kumbuyo.

Anamuika diripi, anamutenga magazi, anamubaya mankhwala ochepetsa ululu. Kale anthu ankakhulupirira kuti mankhwala otere amabisa matenda, koma madokotala a masiku ano anaona kuti mwana amene wasiya kukuwa ndi amene amayezeka bwino. Dokotala wa maopaleshoni, mtsikana ndithu kwa ine, anafunsa mafunso omwe aja: unayambira pati, unasamuka liti, anayamba n'kusanza kapena ululu, watsegula m'mimba, pokodza pakuwawa? Anadinikiza malo amene mabuku awo amawatcha dzina la Charles McBurney, dokotala wa ku New York amene anawalongosola mu 1889: mukajambula mzere kuchokera pa fupa losongoka la m'chiuno chakumanja kupita pamchombo, malowo ali chakufupi ndi fupalo. Mwana anagwira dzanja la adokotala kuti alichotse.

“Ndikuganiza kuti ndi apendikisi,” anatero, “koma tiyeni tione kaye pa sikani.”

Mchemwali wanga anandiyang'ana. Titatuluka pakhonde anandinong'oneza: “Achimwene, sikani si ya amayi oyembekezera kodi? Nanga mwana wamwamuna akamuona chiyani?”

Sanalakwitse kwenikweni. Ambirife makina amenewa tinawadziwira ku sikelo ya amayi, ndipo ngakhale m'mbiri yake nkhani ya amayi ilimo: Ian Donald, dokotala wa amayi wa ku Glasgow, ndi anzake anafalitsa zotsatira zawo zoyamba mu 1958, chaka chomwecho chimene Gulupu inatsegulidwa. Koma makinawo sadziwa kuti uyu ndi mayi kapena mwana. Amatumiza mawu okwera kwambiri, oti khutu la munthu silingamve, n'kumvetsera mmene akubwererera akagunda chiwindi, impso kapena thumbo, monga amachitira mleme pouluka mumdima. Kompyuta ndiyo imasandutsa mawu obwererawo kukhala chithunzi.

Mwina mufunsa kuti, ngati dokotala waona kale ndi manja, chithunzi n'chachiyani? Vuto ndi lakuti m'mimba mwa mwana muli zinthu zambiri zimene zimanamizira apendikisi. Timwanabele ta m'mimba timatupa mwana akadwala chimfine kapena zilonda za pakhosi, ndipo timapweteka pamalo omwewo, koma timaphwa tokha. Matenda a m'chikhodzodzo amatero. Chibayo cha mmunsi mwa phapo lamanja chimatha kumveka m'mimba. Kwa ana aang'ono thumbo limatha kulowa m'linzake. Kwa atsikana amene atha msinkhu pali thumba la mazira limene limatha kupotokola, ngakhalenso mimba yokhala panja pa chiberekero. Ndiye kuno kwathu onjezerani malungo, njoka, ndi tayifodi, imene yavutitsa mzinda wa Blantyre kwa zaka zambiri ndipo imatha kuboola matumbo. N'chifukwa chake katemera wake, amene anayesedwa pa ana a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2023. Dokotala amakhala pakati pa zoopsa ziwiri: kung'amba mwana amene sanafunike mpeni, kapena kudikira mpaka kathumbo kataphulika. Chithunzi chimamuthandiza kuti asagwere mbali iliyonse.

Chipinda cha sikani chinali chaching'ono ndi chamdima, makatani otseka, kuwala kukuchokera pa sikirini pokha. Ndinkayembekezera chimakina chachikulu, koma ndinapeza chinthu chonga kabati ya matayala, ndi kachipangizo kogwira m'manja kokhala ngati limoti ya wailesi ya kanema. Wojambulayo, bambo wa imvi zochepa, anayamba n'kucheza ndi mwana za mpira. Kenako anati: “Aphwanga, tandilozereni ndi chala chimodzi pamene pakupweteka kwambiri.” Mwana analoza. Anamupaka mafuta oterera, ozizira moti anadzidzimuka, n'kuika kachipangizo kaja pomwepo.

Apa ndi pamene ndinaona kuti ntchitoyi ndi ya dzanja ndi kuleza mtima. Mawu aja sadutsa mumpweya, ndipo matumbo amakhala odzaza mpweya. Choncho wojambula amakanikiza pang'onopang'ono, mwana akapuma amawonjezera pang'ono, mpaka matumbo a mpweya atasuntha n'kusiya njira. Akakanikiza mwamphamvu kamodzin'kamodzi mwana amaumitsa mimba ndipo palibe chimene chingaoneke. Njira yokanikiza mwapang'onopang'onoyi inalongosoledwa mu 1986 ndi dokotala wa ku Netherlands, Julien Puylaert, ndipo mpaka lero ndi imene amaphunzitsa. Ana owonda ngati athuwa ali ndi mwayi, chifukwa palibe mafuta ambiri otchinga.

Kwa ine sikirini inkangoonetsa chifunga, ngati chiperoni cha pa Thyolo chomwe chija, mitambo yotuwa ikuyenda. Mphindi zinadutsa. Wojambulayo anali chete, akupendeketsa dzanja uku ndi uku, kenako anamuuza mwana kuti agonere chakumanzere pang'ono. Mwadzidzidzi anaimitsa chithunzi.

“Bwerani muone, amalume.”

Anandilozera kanthu kozungulira, mzere wakuda ndi woyera mosinthana, ngati anyezi wodula pakati. Atatembenuza kachipangizo kaja, kanthuko kanasanduka kapaipi kotsekeka kumapeto. Anakanikiza: matumbo oyandikana nako anaphwatalala, iko ayi, kanangokhala tolotolo. Anaika timitanda tiwiri m'mbali mwake ndipo makina analemba mamilimita 9. Anandiuza kuti apendikisi wabwinobwino nthawi zambiri sapitirira mamilimita 6, ndiye kuti amachepera pensulo, ndipo ukamukanikiza amaphwatalala ngati chubu chopanda mpweya. Anayang'ananso ngati pali madzi kapena mafinya amene atayikira m'mimba. Anapeza timadzi tochepa pafupi, koma osati chithaphwi. Mchemwali wanga sanayang'ane n'komwe pa sikirini. Maso ake anali pankhope ya wojambulayo, ndipo ndikuganiza kuti anawerenga yankho pamenepo ine ndisanalimve.

Chimene ndikufuna makolo anzanga amve bwino ndi chimene ndinachiona pa benchi panja pa chipindacho. Panali mayi wina wa ku Ndirande ndi mtsikana wake wa zaka ngati 11, amene anajambulidwa ife tisanalowe. Iwo apendikisi sanaoneke. Mayiyo anali atamanga kale chitenje kuti azipita, koma anauzidwa kuti mwana agone m'chipatala. Anadandaula kwa ine: “Nanga makina akuti mulibe kanthu, akutigonekeranji? Ine ndasiya geni ndi ana awiri kunyumba.” Ndinawamvetsa. Koma makinawo sananene kuti mulibe kanthu. Ananena kuti sanaone. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kwa anthu ambiri kathumboka kamabisala kuseri kwa thumbo lalikulu, kwa ena mpweya umachuluka, ena mwana amalira osalola kukanikizidwa, ndipo ngakhale katswiri amalephera kukapeza. Zikatero madokotala amabwerera ku njira yakale: kumugoneka mwana, kumugwiranso mimba pakapita maola angapo, kuona kutentha kwa thupi ndi magazi, mwina kujambulanso mawa. Apendikisi akakhalapo amadziulula yekha pakapita nthawi, ndipo ndi bwino adziulule mwana ali pa bedi la m'chipatala kusiyana ndi pamphasa ku Ndirande pakati pa usiku. Kugonekedwa kumeneko ndi kuyeza komwe, ngakhale kulibe chithunzi chopita nacho kunyumba.

Tili pomwepo foni inalira. Anali bambo ake a mwanayo, amene amagwira ntchito ku Joni, pa WhatsApp. “Alamu, auzeni amupange CT. Kuno ndi zimene amachita. Ndalama nditumiza pompano.” Mawu a bambo amene ali kutali ndi mwana wake wodwala, ndipo ndalama ndi dzanja lokhalo limene angatambasule. Ndinawauza kuti ndifunsa, ndipo ndinafunsadi.

CT ndi makina aakulu aja okhala ngati mphete, amene amazungulira munthu ndi cheza cha X-ray n'kupanga zithunzi ngati buledi wodula mapisi. Alamu anga mwina sadziwa kuti mmodzi mwa anthu awiri amene analandira mphoto ya Nobel mu 1979 chifukwa cha makinawa, Allan Cormack, anabadwira mu Johannesburg momwemo. Mnzakeyo anali Godfrey Hounsfield wa ku England. Pa apendikisi, CT imaona bwino kuposa sikani ya mawu ija, ndipo siidalira kwambiri dzanja la wojambula. Koma ili ndi mtengo wina umene sulembedwa pa lisiti. Cheza chake n'chochuluka kwambiri kuposa cha X-ray wamba ya pachifuwa, ndipo thupi la mwana, limene likukula ndipo lili ndi zaka zambiri kutsogolo, limakhudzidwa nacho kuposa la munthu wamkulu. Chiopsezo chodzadwala khansa chifukwa cha CT imodzi n'chochepa, koma si chopanda pake, ndiye sachiika pa mwana popanda chifukwa. N'chifukwa chake ngakhale m'mayiko olemera malangizo a madokotala a ana amati yambani ndi sikani ya mawu, CT ibwere pokhapokha zinthu zikakhala zosamveka kapena akakayikira kuti mafinya aunjikana penapake. Adokotala aja anandiyankha mwachidule: “Tachiona kale chimene timafuna. CT ingotidyera nthawi.”

Palinso MRI, imene imagwiritsa ntchito maginito, yopanda cheza, ndipo zipatala zina za ana kunja zimaigwiritsa ntchito pa apendikisi sikani ikalephera. Makina oyamba a mtundu umenewu m'Malawi anaikidwa pa Gulupu pomwepa mu 2008, makamaka pofufuza malungo a muubongo mwa ana, ndipo ndi amene anathandiza akatswiri kuona kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumapha ana ambiri odwala malungo oterewa. Koma MRI imatenga nthawi ndipo imafuna mwana wogona osagwedezeka. X-ray wamba ija imene ambirife timaikhulupirira, imene timati “anamujambula” tikafuna kusonyeza kuti chipatala chinagwira ntchito, pa apendikisi siithandiza kwenikweni. Imaona mafupa ndi mpweya, kathumboka ayi.

Mchemwali wanga anasaina pepala lovomereza opaleshoni dzanja likunjenjemera, atayamba wandiyang'ana ine, ine nditayamba ndaimbira alamu anga ndi agogo kumudzi. Madokotala mwina amadabwa kuti siginecha imodzi imafuna mafoni atatu, koma ndi mmene mbumba imayendera. Anamutengera ku Mercy James Centre, nyumba ya maopaleshoni a ana imene inatsegulidwa mu July 2017 ndi thandizo la woimba Madonna kudzera m'bungwe lake la Raising Malawi, ndipo inatchedwa dzina la mwana wake amene anamutenga kuno. Ukachoka m'makonde akale aja n'kulowa mmenemo umachita ngati wasintha dziko: makoma ojambulidwa zithunzi zowala, mabedi aang'ono. Mwana anafunsa funso limodzi lokha asanalowe ku fiyeta: “Amalume, akandidula ndidzasewerabe mpira?”

Anatuluka madzulo, ali mtulo, pamimba pali kabandeji. Adokotala anati kathumboko kanali katatupa kwambiri ndipo kanayamba kuda kumapeto, koma kanali kasanaphulike. M'mawa mwake anamwino anamudzutsa kuti ayende pang'ono, atawerama ngati nkhalamba, ndipo funso lalikulu la tsikulo, limene ankalifunsa mokweza pamaso pa wodi yonse, linali lakuti kodi watulutsa mpweya. Mnyamata anachita manyazi n'kudzifunditsa chitenje kumutu. Koma mpweyawo ndi chizindikiro chakuti matumbo adzuka, ndipo utatuluka anamulola tiyi, kenako phala.

Bedi loyandikana nalo panali mwana wa zaka 4 wochokera ku Chikwawa, ndi bambo ake amene ankagona pampando. Ana aang'ono chonchi savutika kawirikawiri ndi apendikisi, koma akadwala amafika ambiri ataphulika kale, chifukwa sangalongosole kuti ululu wasamuka. Amangolira, kukana kudya, kutsegula m'mimba, ndipo aliyense amaganiza zina. Bamboyo anandiuza kuti tsiku lachitatu mwana anakhala ngati wapezako bwino, anasiya kulira, mpaka anagona tulo, ndipo iwo anathokoza Mulungu. Usiku womwewo mimba inatupa n'kuuma ngati thabwa. Kathumbo kakaphulika ululu umatha kuchepa kwa kanthawi, chifukwa chimene chinali chofufuma chaphwa, koma mafinya amakhala atamwazikira m'mimba monse. Kwa mwana ameneyu sikani sinali yofufuzira matenda, inali yolondolera pamene mafinya abisala, ndipo anali atamujambula kangapo. Anali ndi kapaipi kotulutsa zoipa pamimba, ndi mankhwala a m'diripi usana ndi usiku.

Mayi wa ku Ndirande uja ndinakumana nawo pakhonde Lachisanu, chikwama chili m'manja. Mtsikana wawo anamugwira mimba kangapo, anamujambulanso, ndipo anapeza kuti ndi timwanabele totupa. Ululu unali utayamba kuchepa wokha. Anatuluka wopanda chipsera, ndipo mayiyo ankathamangira minibasi ya ku Ndirande kuti akaone ngati tomato wawo sanaole.

Ife anatitulutsa Loweruka, atatiuza tsiku lobwera kudzaonetsa bala ndi kuti mpira udikire kaye masabata angapo. Bambo wa ku Chikwawa anali akuyamba sabata yachitatu. Mchemwali wanga anawasiyira shuga amene anatsala, sopo ndi fulasiki, ndipo iwo anandipempha foni kuti aimbire kumudzi, awauze kuti agulitse mbuzi ina.